Amphaka otola m'misewu akakhala nyumba imodzi, musawakakamize kukondana

Mayi ena anandiitana kuti ndikaone amphaka awo anayi, onse otola m'misewu ndi kudzala. Dandaulo lawo linali lakuti amphakawo sakugwirizana. Ndinakhala pansi kanthawi ndikuwayang'ana. Wamkazi wakuda ndi kamphongo kamawangamawanga anagona atapiringizana, ndipo wakudayo ankanyambita mnzakeyo kuseri kwa khutu, pomwe lilime la mwini wake silifika. Awiri enawo aliyense anali pangodya yake, osamenyana komanso osakhudzana. Ndinawauza mayiwo kuti m'nyumba mwawo muli mabanja atatu a amphaka, ndipo cholakwika chinali kuwadyetsera onse m'mbale imodzi ngati ndi banja limodzi.

Mphaka wapakhomo anachokera ku mphaka wakutchire wotchedwa Felis lybica, yemwe amasaka yekha. N'chifukwa chake sathamangira kukhala m'gulu ngati galu. Komabe pamalo pomwe chakudya chili chokwanira, amphaka aakazi apachibale amakhalira pamodzi mpaka kuyamwitsirana ana. Mtima wokonda mnzake ali nawo ndithu, koma amasankha yekha womukonda, ndipo amayamba kutero akasiya kuopa njala. Wotola mumsewu wakhala akulimbirana nyenyeswa, ndiye amachedwerapo. Amene sanazolowere anthu ali wakhanda, pakati pa sabata 2 ndi 7 atabadwa, nthawi zambiri amayamba kukhulupirira mphaka mnzake asanakhulupirire inu. Zimenezi zisakuwaweni mtima.

Chibale cha amphaka chagona pa fungo. M'masaya, pachibwano, pachipumi ndi patsinde pa mchira pali tiziwalo totulutsa fungo lomwe ife sitilimva. Awiri akamakhulana mitu ndi nthiti, akusakaniza fungo kuti likhale limodzi, ndipo amene ali nalo ndiye wakwathu. Choncho mukatola wina watsopano, musamuponye pakati pa anzake tsiku lomwelo. Mpatseni chipinda chakechake kwa sabata ziwiri, chokhala ndi mbale, madzi, pobisala ndi bokosi lake la mchenga lochitiramo chimbudzi. M'masiku amenewa apite kwa dokotala wa ziweto akalandire katemera wa chiwewe, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a utitiri, komanso akayezedwe FIV ndi FeLV, matenda omwe amphaka amapatsirana. Kenako tengani kansalu kofewa, mupukute tsaya la mlendoyo, mukakasiye pomwe enawo amagona. Muchitenso chimodzimodzi ndi fungo la amphaka akale a m'nyumbamo. Akamanunkhiza kansaluko osalusa, adyetseni uyu mbali iyi ya chitseko chotseka, winayo mbali inayo. Pambuyo pake tsegulani kampata kakang'ono kongoonerana. Ena amatenga sabata zochepa, ena miyezi. Mukaona wina wakwinya makutu ndi kutulutsa mano, bwererani pomwe munali dzulo.

Onse afulidwe kapena atseketsedwe. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, ndipo amphongo osafula ndiwo amalumana kwambiri.

Chomwe chimapha ubwenzi m'nyumba zambiri ndi kulimbirana. Mabokosi a mchenga akhale ochuluka kuposa amphaka ndi limodzi: amphaka atatu, mabokosi anayi, ndipo asandandalikidwe pamalo amodzi. Mbale zitalikirane, madzi akhale patali ndi chakudya. Pakhalenso malo okwera monga pamwamba pa kabati, chifukwa mphaka wamantha akakhala m'mwamba mtima umakhala pansi.

Ndewu ya amphaka nthawi zambiri imachitika mwakachetechete, ndipo ndi imene eni ake saiona. Wina amangogona pakhomo la chipinda chomwe muli bokosi la mchenga, maso ali tong'o kwa mnzake. Mnzakeyo amaopa kudutsa, kenako n'kuyamba kukodza pabedi, ife n'kumati ndi mwano. Chilango apa sichithandiza. Ikani bokosi lina kwina, komwe angafike osadutsa pa womuopsezayo. Okondana mumawadziwa akakumana: michira ili chilili, mphuno zigundana, kenako apitirira limodzi. Akamagwetsana posewera amasinthana, uyu pansi kenako winayo, zikhadabo zili mkati ndipo palibe kukuwa. Kukamveka kulira kwakukulu, ubweya n'kumauluka, si masewera. Musalowetsepo dzanja, tchingani pakati pawo ndi katoni kapena pilo.

Chinthu china chimadabwitsa anthu. Mphaka akabwera kuchokera kuchipatala cha ziweto, bwenzi lake lenileni limatha kumulusira ngati silimudziwa. Fungo la mankhwala laphimba fungo la kwawo. Musanawaphatikize, mupukuteni wochokera kuchipatalayo ndi nsalu yomwe onse amagonera, ndipo akhale payekha kwa maola angapo kapena tsiku lonse.

Ndimapempha kwambiri onse opezera amphaka otola makomo atsopano kuti awiri omwe amagona atatsamirana asalekanitsidwe. Apite limodzi ngakhale kupeza khomo lotero kukutengereni nthawi. Wotsala yekha amazungulira nyumba akulira, kununkhiza pomwe mnzake ankagona, ndipo ena amasiya kudya. Zomwezi zimachitika mnzake akafa. Mphaka akatha masiku awiri osadya, pitani naye kwa dokotala wa ziweto osazengereza, chifukwa chiwindi chake chimawonongeka msanga, makamaka ngati ndi wonenepa. Musathamangire kumutolera wina woti alowe m'malo. Nsalu yomwe ankagonera awiriwo musaichape kaye, isiyeni pomwepo kwa masiku angapo.