Geti Lowerenga Chala ndi Mita ya Mayunitsi: Zoti Mudziwe Musanalowe Fulati ku Johannesburg

Mafulati ambiri a lendi m'katikati mwa Johannesburg, kuyambira ku Hillbrow, Berea, Braamfontein mpaka ku Marshalltown, masiku ano akuyendetsedwa ndi makina. Mwini nyumba simumuona n'komwe. Pakhomo pali chitseko chachitsulo chozungulira chomwe chimatseguka mukaika chala, magetsi ndi a mayunitsi, m'nyumba zina ngakhale madzi otentha mumachita kugula, ndipo uthenga wokumbutsa lendi imatumiza ndi kompyuta. Kwathu mwezi ukavuta timapita kwa alandilodi, n'kukhala pansi, n'kupepesa kuti malipiro achedwa. Kuno pageti palibe woti mumudandaulire. Chimene chimandipweteka n'chakuti abale athu ambiri amagona panja kapena mumdima poganiza kuti makina akakana ndiye kuti nkhani yatha, pomwe lamulo la dziko lino lili pamwamba pa makinawo.

Tiyambe ndi chala. Tsiku lolembetsa ku ofesi, pemphani kuti ajambule zala ziwiri kapena zitatu, za manja onse. Ambirife timadya za thukuta: kuponda simenti, kuchapa ndi Jik tsiku lonse m'nyumba za mabwana, kutsuka magalimoto, kulima m'maluwa. Ntchito zimenezi zimafufuta mizere ya pachala, ndiye makina amayamba kukukanani. Mudzaona bambo madzulo ataima pageti, thumba la White Star ataliika pansi, akupukuta chala pabuluku, kuchiuzira mpweya, kuikanso, kanyali kofiira kakungoyakabe, mzere wa anthu otopa ukukula kumbuyo kwake. M'miyezi ya June ndi July khungu limauma kwambiri ndi chisanu, choncho pakani mafuta pang'ono n'kupukuta musanaike. Zikapitirira, kalembetseninso, ndipo funsani ngati angakupatseni tagi (kachipangizo kogunditsa pageti kuti litseguke) kapena nambala yachinsinsi. Mufunsiretu mtengo wogulira tagi ina ikasowa.

Chidindo cha chala chanu, chithunzi cha nkhope ndi kope la pasipoti zimatetezedwa ndi lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za munthu, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021. Muli ndi ufulu wofunsa kuti akusunga chiyani ndipo akusungiranji, komanso wopempha kuti afufute chala chanu mukamasamuka. Pasipoti yeniyeni musamusiyire mlonda kapena wa mu ofesi. Apatseni kope basi.

Nkhani ya alendo ndi imene imatigwetsa kwambiri ife Amalawi. Mphwanu kapena mlamu wanu watsika basi ku Park Station, alibe kolowera, ndipo simungamusiye pamsewu. Koma pangano la lendi limatchula chiwerengero cha anthu ololedwa kugona m'fulatimo, ndipo geti limalemba nthawi imene mlendo walowa ndi imene watuluka. Akalowa osatuluka, a ku ofesi amadziwa m'mawa mwake. Nyumba zina zimalipiritsa usiku uliwonse umene mlendo wagona, zina zimaika malire a masiku, zinanso zimafuna kuti mum'tumizire mlendoyo nambala yolowera kudzera pa app, nambala yomwe imatha mphamvu pakapita maola ochepa. Funsani zonsezi musanasainire, ndipo azilembe. Ngati mbaleyo akhalitsa, pitani naye ku ofesi mukamulembetse. Kubwereketsa tagi yanu kumaoneka kophweka, koma chikasowa chinthu m'nyumbamo, kompyuta idzaonetsa dzina lanu.

Inunso amene mukulipira lendi kwa mnzanu, mwagawana chipinda ndi katani, yesetsani kuti dzina ndi chala chanu zilowe m'kaundula wa nyumbayo. Tsiku limene mudzakangane, kapena iyeyo akadzadya ndalama ya lendi, mudzavutika kutsimikiza kuti mumakhala momwemo ndipo katundu wanu ali m'kati.

Za mayunitsi tinazizolowera kale ndi ESCOM: kugula tokeni ya manambala 20 n'kuilowetsa m'mita. Chosiyana kuno n'chakuti muyenera kudziwa mwini mitayo. Ina ndi ya City Power, kampani ya magetsi ya mzinda wa Johannesburg, m'madera ena ndi ya Eskom, kampani ya magetsi ya dziko lino, koma m'mafulati ambiri mwini nyumba amakhala ndi mita imodzi yaikulu, kenako n'kuika timamita ting'onoting'ono m'zipinda kudzera m'makampani monga Citiq Prepaid. Pa mita zoterezi kampaniyo imadulapo ndalama yake mukagula, choncho R100 yanu siigula mayunitsi ofanana ndi a mnzanu wa ku Rosettenville. Musanalowe, funsani munthu wokhala momwemo kuti akuonetseni lisiti lake laposachedwa, muone nokha mayunitsi amene anapeza. Funsaninso ngati amadula ngongole ya lendi pa ndalama ya magetsi, ndipo ngati zili choncho akuonetseni pomwe zalembedwa m'pangano.

Jambulani nambala ya mita pafoni tsiku loyamba. Tokeni imagwira pa mita imene mwaigulira yokhayo, ndipo mukaphonya nambala imodzi, kubweza ndalamayo ndi ntchito yaikulu. Amene ali pa mita ya City Power adziwe kuti kuyambira July 2024 panabwera ndalama yokhazikika ya R200 pamwezi, VAT isanaikidwe, yomwe imadulidwa pogula. Mtengo wa yunitsi umakweranso mukagula ambiri m'mwezi umodzi, ndiye kugulira miyezi itatu nthawi imodzi n'kudziluzitsa. Gulani okwanira mweziwo. Zimene zimadya kwambiri ndi giza (thanki yotenthetsera madzi), hita ndi mbaula yamagetsi. Nyemba muziviika usiku, ndipo giza ikakhala yanuyanu muziyatsa nthawi yochepa musanasambe. Anyamata olonjeza mayunitsi otchipa pa WhatsApp kapena kulumphitsa waya m'mita, apeweni. Ndi mlandu, ndipo waya wolumikiza mwachinyengo amayatsa moto m'nyumba yodzaza ana.

Polipira lendi, chinthu chachikulu ndi nambala ya refelensi. Palibe kalaliki amene amakhala pansi n'kumaganiza kuti ndalama iyi ikuoneka ngati ya aPhiri a pa nambala 604. Kompyuta imangofananiza nambala. Mukalipira kudzera mu akaunti ya mnzanu kapena pa tilu ya ku Shoprite n'kulemba dzina m'malo mwa refelensi, ndalama imalowa koma inu mumaonekabe kuti muli ndi ngongole, ndipo mauthenga oopseza amayamba kubwera okha. Lisiti la pa tilu limafufutika likakhala m'chikwama miyezi ingapo, choncho lijambuleni musanatuluke m'sitolo, n'kulitumiza ku imelo yanu kuti foni ikabedwa umboni utsale. Eni nyumba ambiri amapereka mbiri ya kalipiridwe ka anthu awo ku bungwe la TPN. Kuchedwachedwa kumakutsatirani pofuna nyumba ina, pomwe mbiri yabwino imakuthandizani. Mukalandira uthenga wakuti akaunti yolipirirako yasintha, musatumize kalikonse musanapite nokha ku ofesi. Chimodzimodzinso dipoziti ya fulati imene mwangoiona pa Facebook: lowanimo kaye ndi mapazi anu.

Tsopano tifike pamene pali mtima wa nkhaniyi. Lendi ikachedwa, eni nyumba ena amangodina batani, chala chanu n'kusiya kugwira pageti, kapena mita n'kutsekedwa. Amadalira kuti ndinu mlendo, muchita mantha. Gawo 26 la malamulo aakulu a South Africa limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba imene akukhala popanda chigamulo cha khoti, ndipo chitetezo chimenechi ndi cha aliyense wokhala m'dziko muno, mlendo yemwe. Lamulo la PIE la 1998 limafotokoza njira imene mwini nyumba ayenera kutsata kukhoti. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati kutsekera panja munthu wa lendi kapena kum'dulira madzi ndi magetsi mosatsata malamulo ndi mlandu. Kuchotsa chala chanu m'kompyuta n'chimodzimodzi kukhoma loko pachitseko chanu.

Zikakuchitikirani, musalimbane ndi mlonda, iyenso ndi wolembedwa ntchito ngati inu. Jambulani vidiyo yoonetsa makina akukukanani, lembani tsiku ndi nthawi, ndipo tumizani uthenga wolemba kwa woyang'anira nyumba wopempha kuti akutsegulireni. Zokambirana zapakamwa zimakanidwa mawa lake. Kenako kadandauleni ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bwalo loweruza nkhani za lendi, mutatenga pangano la lendi, malisiti ndi kope la pasipoti. Kumeneko salipiritsa, safuna loya, ndipo chigamulo chawo chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti. Nkhani ikakhala yachangu, monga ana ali panja usiku, khoti likhoza kulamula kuti mubwezeredwe m'nyumba. Legal Aid South Africa, Lawyers for Human Rights ndi SERI ndi ena mwa mabungwe amene amathandiza anthu osowa ndalama ya loya. Koma ndinene mosabisa, ngongole ya lendi imakhalapobe. Pitirizani kulipira zimene mungathe, ndipo mukagwirizana zolipira pang'onopang'ono, zilembedwe.

Chomaliza choti muone musanasainire ndi potulukira. Pa 31 August 2023 moto unabuka m'nyumba ya Usindiso pa 80 Albert Street ku Marshalltown, n'kupha anthu 76, Amalawi anzathu ali m'gulu lomwelo. Nyumba imeneyo inalibe makina amakono, koma ambiri analephera kutuluka chifukwa njira zinali zotsekeka, ndipo geti lamagetsi likhozanso kutsekera anthu m'kati. Funsani woyang'anira kuti magetsi akathima, geti limatani: lili ndi batire, kapena limatseguka lokha? Pafupi ndi chitseko chamagineti payenera kukhala kabokosi, kawirikawiri kobiriwira, koti mukakadina kapena kukaswa chitseko chimamasuka osafuna chala. Kafufuzeni ndi maso anu. Tsikani masitepe a pangozi kuchokera pa nsanjika yanu mpaka pansi, muone ngati sanakhomepo tcheni kapena kuunjikapo matiresi ndi mafiriji akale. Mukapeza tcheni, jambulani n'kulembera a ku ofesi tsiku lomwelo. Akanyalanyaza, funani nyumba ina ngakhale lendi yake ikhale yokwererapo. Ana anu ayende nawo masitepewo, adziwe kuti pa moto sitikwera chikepe, ndipo aloweze pamtima nambala ya pangozi 112, yomwe imaimbika pafoni yam'manja ngakhale mulibe mayunitsi a foni.