Kamangidwe ka Nyumba Zopirira Namondwe ndi Madzi Osefukira M'mbali mwa Nyanja

Namondwe wa Idai atafika pamtunda pafupi ndi mzinda wa Beira ku Mozambique usiku wa pa 14 Malichi 2019, nyumba zambiri zinatsala makoma okhaokha madenga atauluka, ndipo m'boma la Buzi anthu anakhala m'mitengo ndi pamwamba pa nyumba kwa masiku angapo madzi atadzaza paliponse. Mu Malichi 2023, Namondwe wa Freddy analowera cha ku mzinda wa Quelimane ku Mozambique komweko n'kudzagwetsa nyumba zambirimbiri m'chigawo cha kummwera kwa Malawi. Choncho malangizo awa, ngakhale akunena makamaka za nyumba za m'mphepete mwa nyanja yamchere, akukhudzanso womanga ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja ya Malawi.

Anthu ambiri amaganiza kuti mphepo imagwetsa nyumba poikankha, koma kawirikawiri imayamba ndi kuzula denga. Ikamadutsa mwamphamvu pamwamba pa malata imawakokera m'mwamba, ndipo chitseko kapena zenera la mbali imene ikuchokera likathyoka, mphepo yolowa m'kati imakankhanso dengalo kuchokera pansi. Denga likachoka, makoma amatsala opanda chowagwirizira pamwamba, mvula imawanyowetsa, kenako amagwa. N'chifukwa chake mmisiri ayenera kuonetsetsa kuti malata agwira mapaso, mapaso agwira mitanda ya denga, mitandayo yamangiriridwa ku lintala yozungulira nyumba yonse, ndipo lintalayo yalumikizana ndi maziko kudzera m'zipilala za konkire zokhala ndi zitsulo m'makona. Pakangokhala malo amodzi ofooka, ena onsewo sathandiza. Waya wochindikala kapena lamba wachitsulo womangira mitanda aikidwe pamene konkire wa lintala akuthiridwa, azungulire thabwa lonse ndipo akhomeredwe mbali zonse ziwiri. Misomali iwiri yokhomedwa chopendekera, monga amachitira amisiri ofulumira, imazuka mosavuta.

Malata akhomedwe pa msana wa mzere, osati m'chigwa mmene mumadutsa madzi, ndipo misomali ikhale ya zipewa kapena masikuluwu okhala ndi mawashala. M'mphepete mwa denga, m'makona ndi pamwamba penipeni ikhale yothithikana kwambiri, pakuti malata amayambira pamenepo kuzuka. Kumbukirani kuti nambala ya geji (muyezo wa kuchindikala kwa lata) ikakhala yaikulu, lata limakhala lopyapyala, motero geji 28 ndi yolimba kuposa geji 32. Chizolowezi chotsindira malata ndi miyala kapena njerwa chiyenera kutha, chifukwa mphepo ikakula miyala yomweyo imagwera anthu.

Denga lotsetsereka mbali zonse zinayi limapirira kuposa la mbali ziwiri, ndipo kutsetsereka kwa madigiri pafupifupi 30 n'kwabwino kuposa denga lathyathyathya. Malata asatulukire kunja kwa khoma kwambiri. Khonde, limene ambirife timalikonda chifukwa cha mthunzi, likhale ndi denga lakelake losalumikizana ndi la nyumba, kuti likazuka lisatenge denga lonse. Mfundo zoterezi si zachilendo: ku Florida m'dziko la America, Namondwe wa Andrew atawononga nyumba zochuluka mu 1992, anakhwimitsa malamulo a kamangidwe, ndipo lamulo limodzi la dera lonselo linayamba kugwira ntchito mu 2002.

Madzi nawo amaononga kuchokera pansi, ndipo pa iwo chachikulu ndi malo. Musanakumbe maziko, funsani akuluakulu a m'deralo pamene madzi anafika pa chigumula chachikulu chimene akuchikumbukira, ndipo pansi pa nyumba pakwezedwe kupitirira pamenepo. Kumene mafunde a nyanja amakwera mpaka kumtunda, monga m'madera otsika a Beira, nyumba imayenera kukhala pa nsanamira zozikika kwambiri kuti madzi azidutsa pansi. Malo ena, monga m'khwawa kapena m'tsinde mwa phiri logumuka ngati mmene zinachitikira ku Chilobwe mu Blantyre pa nthawi ya Freddy, palibe luso la mmisiri limene lingawasandutse otetezeka, ndipo kusamuka ndiyo njira yokhayo.

Maziko amangidwe ndi miyala, mabuloko kapena njerwa zootcha zomangira simenti, ndipo pamwamba pake payalidwe pulasitiki wakuda woletsa chinyontho kukwera m'khoma. Zidina ndi matope omangira zimasungunuka zikakhala m'madzi, kotero amene ndalama zamuchepera ndi bwino agwiritse ntchito simenti yochepayo pa maziko ndi mizere yoyambirira ya njerwa kusiyana ndi kuithera pa pulasitala wokongoletsa kumaso kwa nyumba. Kufupi ndi nyanja yamchere, mchenga wa pagombe ndi madzi a m'nyanja zisalowe mu konkire, chifukwa mchere umachititsa dzimbiri zitsulo za m'kati mpaka konkireyo kung'ambika. Chimbudzi chikwezedwenso ndipo dzenje lake lipangidwe ndi njerwa, popeza zimbudzi zosefukira zinathandizira kufala kwa kolera ku Beira pambuyo pa Idai.

Amene nyumba yake inamangidwa kale akhozabe kuilimbitsa dzinja lisanafike. M'mwezi wa Okutobala akwere padenga, asinthe misomali yadzimbiri ndi matabwa odyedwa ndi chiswe, awonjezere waya womangira mitanda ku khoma, akonze zotsekera mazenera zamatabwa, ndipo atsegule ngalande zonse zochotsa madzi pabwalo.