Momwe mungalerere mbira zozunzika ndi zamantha mpaka zitapeza mwini watsopano

Mbira yozunzika siivuta kuizindikira. Ubweya wathothoka pamsana, mafupa a m'chiuno ali poyera, zikhadabo zapindika ngati mbedza, ndipo mukangotsokomola imauma gwa, kapena kuliyatsa liwiro n'kukadziguguda kukhoma. Zambiri zimachokera m'makomo momwe anagula ziwiri zosangalatsira ana, pomatha chaka zakwana 20, anawo apita kusukulu yogonera komweko, chakudya chake n'kukhala makoko a nthochi tsiku lomwe wina wakumbukira. Tikunena mbira zoweta, zija kwawo kwenikweni ndi kumapiri a Andes ku Peru, Bolivia ndi Ecuador, osati mbira ya m'matanthwe. Ntchito yanu ndi kuzisunga miyezi iwiri kapena itatu, zichire, zizolowere munthu, kenako muzipereke kwa wozisamala.

Khola likhale lokonzeka musanapite kukazitenga. Mbira ziwiri zimafuna malo osachepera masentimita 120 mulitali ndi 60 mulifupi, ndipo pansi pakhale pathabwa kapena pasimenti. Waya wa sefa pansi ayi. Amalipala ambiri amakhomera waya pansi poganiza za akalulu, koma mapazi a mbira alibe ubweya kunsi, amatupa n'kuchita zilonda zosamva mankhwala. Waya aikidwe m'mbali ndi pamwamba, wa maso ang'onoang'ono oti khoswe asalowe. Yalani manyuzipepala akale, pamwamba pake udzu wouma wambiri. Utuchi wosalala wa ku macheka musatengeko ngakhale akupatseni ulere, umalowa m'mphuno ndi m'maso. Khola likhale pamthunzi podutsa mphepo. Mbira zimakondwa kutentha kukakhala pakati pa madigiri 18 ndi 24, ndipo kukapitirira 28 zimayamba kubanika, choncho khola la malata mu Okotobala ndi uvuni. Botolo la madzi oundana lokulunga m'nsalu limathandiza, magetsi akalola.

Ikanimo makatoni, mbira iliyonse katoni yake, ndipo katoni iliyonse muiboole makomo awiri. Khomo limodzi lokha ndi msampha: yamphamvu ikaima pakhomo, yofooka ilibe kothawira. Mitengo ya tinyumba tapulasitiki ta m'mashopu a ziweto ndi yoseketsa, pomwe katoni ya sopo wapagolosale amakupatsani chabe, ndipo ikanyowa mungotaya.

Ngati muli kale ndi mbira zanu, zatsopanozi zikhale chipinda china kwa masabata atatu, ndipo muziyamba kusamalira zanuzo musanakhudze zachilendo. Akalulu akhale kutali. Amanyamula kachilombo ka Bordetella osadwala nako, koma mbira kamaipatsa chibayo.

Tsiku lofika gwirani mbira iliyonse kamodzi kokha, ndipo zonse muzichitire pomwepo. Iikeni m'mbale yakuya pa sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu, mulembe kulemera kwake m'kope. Yaikazi yaikulu imalemera magalamu 700 mpaka 900, yaimuna 900 mpaka 1,200. Onani ngati ndi yaimuna kapena yaikazi inu nomwe, osadalira mawu a mwini wake wakale, ndipo muzilekanitse nthawi yomweyo. Yaikazi iliyonse yochokera m'khola losakanikirana muiyese ya bere mpaka patadutsa masabata 11, chifukwa bere la mbira limatenga masiku 59 mpaka 72. Suzumirani mano akutsogolo, mapazi, m'makutu ndi khungu. Mukatha ibwezereni, mufunditse theka la khola ndi chitenje, muchoke. Masiku atatu oyamba ntchito yanu ndi kuika chakudya, kusintha madzi ndi kuyang'ana ndowe. Ana a m'nyumba auzeni kuti ayembekeze.

Chifundo chimapha mbira zambiri sabata yoyamba. Munthu akaona kanyama kowonda amathira mulu wa kabichi ndi repu, m'mawa n'kupeza mimba yafufuma ngati ng'oma. Mimba yomwe yazolowera njala imafuna kuyamba ndi udzu. Udzu wouma ukhalemo usana ndi usiku, ndiwo gawo lalikulu la chakudya, pafupifupi magawo 8 pa 10 alionse, ndipo ndiwo umaperesa mano onse 20 omwe amakula moyo wake wonse. Kapinga woumitsa pamthunzi ndi wabwino, ngakhalenso udzu wa Rhodes womwe alimi a ng'ombe zamkaka amamanga m'mabelo. Belo mulinunkhize pakati musanalipire, ena amaika lovunda mkati n'kukutira labwino kunja. Zamasamba muziwonjezera mtundu umodzi pakapita masiku awiri, kuyambira kachidutswa konga chala: kholowa, chisoso, masamba a chimanga, nsenjere yanthete. Udzu wauwisi musauunjike m'thumba, umatentha n'kusasa. Wa m'mbali mwa msewu ndi wa m'munda wopopera mankhwala usiyeni. Chigwada, masamba a mbatatesi ndi a tomato, anyezi, adyo ndi mapeyala zisayandikire khola. Madeya pang'ono chabe, ndipo onunkha chuku atayeni.

Mbira ili ngati munthu pa chinthu chimodzi: thupi lake silipanga vitamini C. Imafuna mamiligalamu 10 mpaka 30 pa kilogalamu iliyonse tsiku lililonse, yodwala ndi ya bere kuposerapo. Yomwe ikuyenda modumphadumpha ngati kalulu, kulira mukaigwira miyendo, nkhama zikutuluka magazi, imeneyo ili ndi chiseyeye. Kagawo ka giriini pepa tsiku ndi tsiku kamakwanira yathanzi, ndipo nyengo ya magwafa kachidutswa ka gwafa kawiri pasabata ndi mankhwala aulere. Vitamini wothira m'madzi ndi kutaya ndalama. Amatha mphamvu msanga ndipo amasintha kakomedwe ka madzi, mbira n'kusiya kumwa.

Tsopano pa khungu, pomwe olera ambiri amalakwitsa. Mbira yomwe imakuwa mukaikhudza pamsana, kudumpha, ngakhale kuluma, anthu amati ndi yolusa kapena yamantha kwambiri, n'kuyamba kuigwiragwira kuti izolowere. Kawirikawiri imeneyo ili ndi mphere, ndipo dzanja lanu likuiwotcha ngati khala la moto. Mphere ya mbira imayamba ndi tizilombo totchedwa Trixacarus caviae, tomwe timakumba mkati mwa khungu, tosaoneka ndi maso. Mbira yathanzi imatha kukhala nato osadwala, koma njala, kuthithikana ndi bere zimatipatsa mpata. Zizindikiro zake ndi kukanda kosalekeza, nkhanambo ndi mfundu paphewa ndi pamsana, ndi ubweya wothothoka pakati pa msana. Ikafika poipa mbira imagwa chagada n'kumaphupha ngati ya khunyu, chifukwa cha ululu. Dazi laling'ono losalala kuseri kwa khutu lililonse lisakudetseni nkhawa, mbira zonse zili nalo.

Musaisambitse. Maganizo oyamba a aliyense akaona khungu lotere ndi beseni ndi sopo, koma madzi safika komwe kuli tizilomboto, amangowonjezera ululu, ndipo mbira yofooka imatha kukomokera m'beseni momwemo. Oilo wakutha wa galimoto, palafini, mankhwala a dibi ndi ufa wophera utitiri wa nkhuku, zonsezi anthu amapaka, ndipo mbira imadzinyambita n'kumeza.

Mankhwala ake ndi ivermectin, ndipo vuto lagona pa muyezo. Botolo lomwe limapezeka m'mashopu a zaulimi ndi la ng'ombe, lolembedwa 1%, kutanthauza mamiligalamu 10 pa mililita imodzi. Madokotala a ziweto amapereka pafupifupi mamiligalamu 0.4 pa kilogalamu. Mbira ya magalamu 700 ikufunika mamiligalamu 0.28, omwe ndi mamililita 0.03 basi. Dontho limodzi lenileni ndi lalikulu kuposa pamenepo. Sirinji ya mamililita 5 yobayira mbuzi siingayeze zimenezi. Pamafunika ija yopyapyala ya insulin, yobayira odwala shuga, ya mayunitsi 100 pa mililita, ndipo mankhwala afike pa mayunitsi atatu. Wothira mongoyerekeza amapereka kakhumi kuposa muyezo, mbira n'kuyamba kunjenjemera, kudzandira, kenako kugona osadzukanso. N'chifukwa chake sikelo ija ndi yofunika, ndipo n'chifukwa chake ntchitoyi aigwire ndi a vetenale, inu mutapita ndi kope lanu la kulemera. Ku Lilongwe a LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira zinyama, ali ndi chipatala cha ziweto. Kwina funsani ku ofesi ya zaulimi za mlangizi wa ziweto, koma mumuuze kulemera kwenikweni, poti dzanja lake linazolowera ng'ombe. Tiana tosakwana magalamu 350 tisalandire popanda dokotala kunena.

Werenganinso chizindikiro cha pabotolo. Ena mwa mankhwalawa amasakaniza ndi clorsulon wophera nyongolotsi za m'chiwindi cha ng'ombe, ameneyo si wa mbira. Ndipo ivermectin wa pamsika wothiridwa m'kabotolo kopanda dzina, woima padzuwa tsiku lonse, simudziwa ngati ndi mankhwala kapena mafuta ophikira. Pitani nokha kushopu mukaone tsiku lothera mphamvu. Paja mbira ya m'matanthwe inasowa mchira chifukwa chotumiza.

Kulandira kamodzi sikuchiza. Ivermectin sapha mazira a tizilomboto, choncho amabwereza katatu, motalikitsa masiku 7 mpaka 14 malinga ndi momwe dokotala wanenera. Apa ndi pomwe ambiri amagwa: pakatha sabata kukanda kwachepa, munthu n'kuona ngati ulendo wachiwiri ndi kuwononga ndalama ya minibasi, pakatha mwezi mphere yabwerera mwaukali. Zonse za m'khola limodzi zilandire, ngakhale zooneka bwino, ndipo tsiku lililonse la mankhwala mutaye zoyala ndi makatoni, mutsuke khola. Zikhadabo zakumbuyo muziwenge msanga kuti isadzing'ambe. Dulani nsonga yokha, kutali ndi kamtsempha kofiira, ndipo magazi akatuluka dindani chalacho mu ufa woyera.

Si dazi lililonse lomwe ndi mphere. Zigamba zozungulira zoyera kumaso, pamphuno ndi m'makutu nthawi zambiri ndi chipere. Ivermectin sachita kanthu pa chipere, pamafunika mankhwala ena, ndipo chimapatsira anthu, makamaka ana. Valani magolovesi. Mbira zochokera m'khola lauve zimatha kukhala ndi zonse ziwiri.

Zilonda zikachita mafinya, musatsegule kabati ya mankhwala a m'nyumba. Amoxicillin, penicillin, ampicillin ndi erythromycin amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a mbira, toipa n'kuchulukana, mbira n'kutsegula m'mimba mpaka kufa m'masiku ochepa. Omwe madokotala amagwiritsa ntchito ndi monga enrofloxacin ndi cotrimoxazole. Wina akakutulutsirani makapisozi, funsani dzina lake musanalole.

Masiku atatu oyamba aja akatha, sikelo izigwira ntchito tsiku lililonse, nthawi yofanana. Kusinthasintha kwa magalamu 20 kapena 30 n'kwachibadwa. Ikatsika ndi 50 pali vuto, ikatsika ndi 100 nyamukani. Mbira yomwe yatha maola 12 osadya, ndowe zachepa kapena zasanduka ting'onoting'ono touma, matumbo ake akuima. Viikani mapeleti, chakudya cha mbira chogula kushopu, m'madzi ofunda akhale ngati phala, dulani nsonga ya sirinji ya mililita imodzi, muzilowetsa cham'mbali kuseri kwa mano akutsogolo, theka la mililita nthawi imodzi, mbira itaima ndi miyendo yake, osati chagada. Pa tsiku ikwane mamililita 40 mpaka 60, pang'onopang'ono maola atatu alionse. Ya dovu pachibwano, yomwe imatola chakudya n'kuchigwetsa, mano a m'kati atalika, ndipo imeneyo ndi ntchito ya dokotala. Mukaiona ikudya ndowe zake musaletse, ndi momwe imapezera mavitamini ena.

Khungu likapola mudzadabwa kuti theka la mantha aja lapita lokha. Otsalawo amatha ndi chizolowezi. Mbira ndi nyama yodyedwa, chilichonse chochokera kumwamba kwa iyo ndi mphamba, choncho khalani pansi, dzanja lizibwera cham'mbali. Muzifika nthawi imodzimodzi, kulankhula musanalowe, n'kupukusa jumbo ya masamba. Sabata yoyamba ikani giriini pepa pakhomo pa katoni n'kuchoka. Kenako khalani pomwepo mpaka itatuluka. Kenako gwirani tsamba lalitali la chimanga kunsonga, tsiku ndi tsiku lizifupika. Kuinyamula musaithamangitse m'khola. Ilowe yokha m'kathumba kansalu kapena m'katoni, munyamule ndi katoniyo, muikhazike pamiyendo mphindi zisanu ili ndi chodya. Youma gwa pamiyendo panu maso ali tong'o siinazolowere, yachita mantha. Yozolowera imadya, imatambasula mwendo. Ikayamba kulira mokweza pomva jumbo, ndi kudumpha mmwamba popanda chifukwa, mwafika. Zina zimatenga masabata awiri, zina miyezi, ndipo zina zimadya m'manja koma kunyamulidwa sizidzakufuna mpaka kale.

Yokhayokha imachedwa kulimba mtima, ndiye masabata atatu aja akatha iphatikizeni ndi inzake yofatsa, pamalo achilendo kwa zonse ziwiri, pali mulu wa udzu. Kukwerana, kung'ung'udza ndi kugwedeza matako zisiyeni. Zikalumana mpaka magazi, ponyani thaulo, osalowetsa dzanja. Zazimuna ziwiri zimatheka, zitatu ndi nkhondo.

Bere likapezeka, chotsani yaimuna, poti yaikazi imatenganso lina patangopita maola ochepa itaswa. Yomwe ikuswa koyamba itapitirira miyezi 7 ikhoza kuvutika, dziwiranitu komwe kuli dokotala. Tiana taamuna tichoke kwa make pa masabata atatu.

Popereka, perekani ziwiriziwiri za mtundu umodzi, zazikazi zokha kapena zazimuna zokha. Kaoneni khola ndi maso anu, ndipo mufunse mosabisa ngati akufuna zoweta kapena za ndiwo, chifukwa kuno mbira ndi ndiwo ndithu ndipo si aliyense adzanene yekha. Mbira imakhala zaka 5 mpaka 7, amve zimenezo asanavomere. Apatseni kope la kulemera, masiku omwe zinalandira ivermectin, thumba la udzu womwe zazolowera, ndi katoni imodzi yakale yomwe ili ndi fungo lawo.