Kuyezetsa dothi ku Chitedze: chitani chonchi

Mwafunsa kuti mlimi wamba angapindule bwanji ndi malo a kafukufuku wa zaulimi a boma a Chitedze, aja ali pamsewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Mchinji. Ine ndikuti yambani ndi kuyezetsa dothi, poti ambirife timangothira feteleza mongoganizira.

Choyamba kaonaneni ndi alangizi a zaulimi ku EPA yanu (ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu), akuuzeni za malipiro ndi potumiza dothilo. Kenako, mukakolola, tengani khasu ndi ndowa yoyera yapulasitiki. Yendani mokhotakhota m'munda, mukumbe malo 10 mpaka 15, kuya masentimita 20, mukutapa dothi pang'ono paliponse. Palani kaye zinyalala pamwamba. Pachulu, pamene munaotcha mapesi ndi pomwe panaunjikidwa manyowa, lambalalani. Dothi la pamenepo limanamiza zotsatira, munda n'kuoneka wachonde pomwe uli wotheratu.

Sakanizani bwino m'ndowamo, mutapepo theka la kilogalamu, muumitse pamthunzi. Thumba la feteleza musaikemo ayi, ngakhale mwalikutumula. Ikani m'jumbo yatsopano, mulembepo dzina, mudzi, mbewu ya chaka chatha ndi imene mukufuna kudzala. Munda wa kumtunda ndi wa kudimba, majumbo osiyana.

Zotsatira zikabwera, pitani nazo kwa alangizi akumasulireni za asidi, michere ya m'nthaka monga fosifolasi ndi zina. Afunseninso tsiku lachionetsero, mukaone nokha mtedza, soya ndi chimanga zimene akuyesa kumeneko. A Kummwera, malo a kafukufuku a Bvumbwe ndiwo apafupi.