Mwana akamangidwa kunja: khoti la ana kapena la akuluakulu?

Makolo ambiri amene akulera ana kunja amaganiza kuti munthu wosakwana zaka 18 akapalamula, mlandu wake umazengedwa ku khoti la ana basi. Si kulikonse kumene zili choncho, ndipo kwa banja limene silinatenge unzika wa dziko limene likukhalamo, funso lakuti mlandu ukalowa ku khoti liti nthawi zina limalemera kuposa chilango chenichenicho, chifukwa ndi limene lingachititse kuti mwanayo akhalebe m'dzikomo kapena athamangitsidwe.

Ku United States ndi kumene nkhaniyi ili yovuta kwambiri, pakuti chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake. Ku Georgia, Texas ndi Wisconsin, wa zaka 17 amatengedwa kale ngati wamkulu pa mlandu uliwonse. Kwina mwana amafika ku khoti la akuluakulu chifukwa woweruza wa khoti la ana wagamula kuti amusamutse, kapena chifukwa lamulo linachotseratu milandu ikuluikulu, monga ya kupha munthu, m'manja mwa khoti la ana. Palinso zigawo monga Florida kumene woimira boma pa milandu amasankha yekha khoti lokasumirako, popanda woweruza kumva mbali ya mwanayo, ndipo njira imeneyi ndi yoopsa kuposa zinazo chifukwa banja limangodziwa zonse zitatha. California inaithetsa mu 2016.

Pamene wogamula ndi woweruza, mpata wodziteteza ulipo. Pa mlandu wa Kent v. United States mu 1966, khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo linanena kuti mwana asasamutsidwe asanamvedwe, kuti akhale ndi loya, ndiponso kuti woweruza afotokoze zifukwa zake. Apa ndi pamene makolo ayenera kuikapo mphamvu zawo zonse. Malipoti a kusukulu, makalata a aphunzitsi kapena atsogoleri a mpingo, ndi zikalata za kuchipatala ngati mwanayo ali ndi vuto la m'maganizo, zonsezi zimathandiza kusonyeza kuti angathe kusintha akadali m'manja mwa khoti la ana. Musadikire tsiku la chigamulo, pakuti m'zigawo zambiri amene wapezeka wolakwa kamodzi ku khoti la akuluakulu amakazengedwanso komweko akadzapalamula kachiwiri, ngakhale akadali wamng'ono.

Mfundo imene alendo ambiri saidziwa ndi yakuti malamulo a zolowa ndi kutuluka m'dziko la United States saona chigamulo cha khoti la ana ngati kupezeka wolakwa pa mlandu, pamene cha khoti la akuluakulu amachiwerenga, ndipo chingachititse kuti ngakhale mwana amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale athamangitsidwe. Kuyambira pa mlandu wa Padilla v. Kentucky mu 2010, loya ali ndi udindo wochenjeza woimbidwa mlandu za ngozi imeneyi asanavomere kulakwa. Choncho muuzeni loyayo poyambirira pomwe kuti mwana wanu si nzika, ndipo musalole kuti avomere mlandu pongofuna kuti nkhani ithe msanga.

Ku England ndi Wales, mwana amayamba kuimbidwa mlandu ali ndi zaka 10. Milandu yambiri ya osakwana zaka 18 imathera ku khoti la achinyamata, koma ya kupha munthu ndi ina yoopsa imatumizidwa ku khoti lalikulu lotchedwa Crown Court, ndipo mwana amene akuimbidwa mlandu pamodzi ndi munthu wamkulu amayambira ku khoti la akuluakulu. Apolisi sayenera kumufunsa popanda kholo kapena wamkulu wina womuyang'anira, ndipo loya wa kupolisi ndi waulere. Lamulo la UK Borders Act la 2007 limati mlendo amene walamulidwa kukhala m'ndende miyezi 12 kapena kuposerapo athamangitsidwe, kupatulapo anthu ena monga amene anali asanakwanitse zaka 18 pa tsiku limene anapezeka wolakwa. Tsiku limene limawerengedwa ndi limenelo, osati limene anapalamula, motero wa zaka 17 amene mlandu wake ukuchedwa ayenera kukambirana zimenezi ndi loya wake mwamsanga.

Ku South Africa, lamulo la Child Justice Act la 2008 silisamutsa mwana n'kumusandutsa wamkulu. Khoti lililonse limene likuzenga mwana limatsatira lamuloli, kafukufuku woyamba amachitika pasanathe maola 48 chimangidwireni, wosakwana zaka 14 saikidwa m'ndende, ndipo bungwe la Legal Aid South Africa limapereka loya kwa osowa ndalama. Vuto la alendo kumeneko limakhala umboni wa zaka, chifukwa mnyamata wamsinkhu amene alibe chikalata angathe kulembedwa ngati wamkulu n'kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu. Sungani chiphaso cha kubadwa ndi pasipoti ya mwana aliyense pamalo ofikirika.

Pangano la Vienna la 1963 limapatsa mlendo womangidwa ufulu wopempha kuti ofesi ya kazembe wa dziko lake idziwitsidwe. Maofesi a Malawi ku Washington, London ndi Pretoria sangaimitse mlandu, koma angathe kuyendera mwanayo ndi kuthandiza kupeza zikalata zotsimikizira zaka zake kuchokera kumudzi.