Zosintha zanga pa wiki zinkangobwezedwa: mmene ndinathetsera vutoli

Zimene ndinkasintha pa wiki (webusaiti yomwe aliyense angathe kusintha masamba ake) yoyendera pulogalamu ya MediaWiki zinkabwezedwa ndi anzathu oyang'anira zosintha zaposachedwa, ngakhale zinali zolondola. Kulemba "ndakonza" m'kabokosi ka chidule, momwe munthu amafotokozamo mwachidule zimene wasintha, sikunathandize. Kuchonga kuti kusinthako n'kwakung'ono kunangowonjezera chikayiko, poti chizindikirocho n'cha tinthu ngati zilembo zolakwika basi.

Choyamba ndinalowa mu Preferences (makonda a akaunti yanga), pagawo la Editing, n'kuchonga mzere umene umakumbutsa munthu akafuna kusunga popanda chidule.

Chimene chinathetsa vuto ndi kalembedwe ka chidulecho. Pa mndandanda wa zosintha zaposachedwa, woyang'anira amangoona mzere umodzi ndi nambala ya mabayiti (muyeso wa kuchuluka kwa zolembedwa) owonjezedwa kapena ochotsedwa. Akaona -900 yofiira popanda chifukwa, amayesa ndi munthu wowononga. Ndiye chidule chizinena chimene mwachita, pamalo pati, komanso chifukwa chake: "Ndachotsa ndime yachiwiri m'gawo la Mbiri, ikubwereza zomwe zili m'mawu oyamba." Chifukwacho ndicho chofunika kwambiri, popeza chimene chasintha aliyense atha kuchiona poyerekeza masamba, koma cholinga chanu sangachione. Malo alipo okwanira zilembo 500. Mukasamutsa ndime, tchulani kumene yapita, ndipo ntchito ziwiri zosiyana muzizisunga paderapadera.

Mukasintha gawo limodzi lokha, dzina la gawolo limalowa lokha pakati pa /* ndi */. Musalifufute, lembani pambuyo pake.

Chidule chikasungidwa sichikonzekanso. Mukaiwala, onjezerani kampata kamodzi pakati pa mawu n'kusunganso ndi chidule choyenera, chifukwa kusunga osasintha kanthu sikulembedwa m'mbiri ya tsamba.