Moto wa mu Okutobala ukutha mazira a lumbe

Masabata awiri apitawa ndakhala ndikuyendera minda ya m'mphepete mwa nkhalango, ndipo kulikonse kumene ndaponda ndi lupsa lokhalokha. Zitsa zikufukabe, phulusa likulowa m'nsapato. Pamalo angapo ndapeza chinthu chimodzimodzi: timazira tiwiri tili pansi poyera, tothimbirira ndi utsi, kena kataphulika ndi kutentha. Amenewa ndi mazira a lumbe. Amene anayatsa motowo sanawaone n'komwe, ndipo n'chifukwa chake ndikulemba.

Lumbe amene ndikunena ndi uja wamwamuna wake amakoka nthenga ziwiri zazitali zoyera, imodzi ku phiko lililonse, zimene zimamutsatira pambuyo ngati nsalu akamauluka chisisira. Mbalame yakeyo ndi yaing'ono, siifika ngakhale masentimita 30, koma nthenga zimenezi zimatha kupitirira masentimita 60. Ambiri timamuona miyezi yochepa chabe pachaka n'kumaganiza kuti nthawi inayo amabisala kwinakwake m'tchire. Sabisala ayi, amakhala atachoka. Kuyambira cha m'Malichi amakhala kumpoto, m'chigawo chochokera ku Nigeria kukafika ku Sudan ndi ku Uganda. Amabwerera kuno kum'mwera, m'nkhalango za miombo za ku Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi Angola, cha m'Seputembala, mitengo ya mombo ndi tsamba ikamaphukira masamba ofiira aja. Ulendo wonsewo amauyendera chinthu chimodzi, kudzaswana. Ndiye ife timamulandira ndi machesi.

Mbalameyi simanga chisa. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Wamkazi amangosankha kamalo pansi pa mtengo, pa dothi kapena pa masamba ouma, n'kuikira dzira limodzi kapena awiri, otuwa mofiirira, a madonthomadontho. Basi. Palibe udzu woyala, palibe dzenje, palibe nthambi yomukweza pamwamba. Chitetezo chake chonse ndi mtundu wa nthenga zake, umene umafanana ndi khungwa ndi masamba ouma, moti mutha kuima pafupi naye osamuona mpaka atabuka pamapazi panu. Nzeru imeneyi imapusitsa kabawi, imapusitsa mwana wa legeni, koma moto alibe maso oti apusitsidwe. Mayi amathawa, mazira amatsala.

Amafungatira yekha kwa masabata awiri ndi masiku ochepa, wamwamuna samuthandiza, popeza iye amakhala ndi akazi angapo ndipo ntchito yake ndi kuonetsa nthenga pabwalo lake usiku. Kaikiridwe kake kamatsatanso mwezi. Nthawi zambiri mazira amaikiridwa mwezi ukamawala kwambiri, kotero kuti ana akamafuna chakudya chochuluka kuwala kwa mwezi wotsatira kumakhala kukubwerera, pakuti lumbe amasaka ndi maso. Mukamutenthera mazira, simunangomuphera ana awiri. Mwamusokonezeranso kawerengedwe ka masiku, ndipo nyengo yake kuno ndi yaifupi. Pofika Febuluwale kapena Malichi amakhala akunyamuka, nthenga zazitali zija zitathothoka kale.

Wina anena kuti, a alangizi, nanga mbalame yosadyedwa n'komwe ikutikhudza chiyani ife alimi? Dikirani dzuwa lilowe, mukaime m'mphepete mwa munda. Mlomo wa lumbe ndi kakang'ono, koma akayasamula kukamwa kumafika m'munsi mwa maso. Amauluka chotero, mwakachetechete, akutola tizilombo m'mlengalenga: zikumbu, agulugufe ausiku, ndiponso inswa zikatuluka ndi mvula yoyamba. Zikumbu zija zimabwera pa nyali mvula ikayandikira ndi zomwe zimaikira mazira m'nthaka, n'kusanduka mphutsi zoyera zopindika zimene zimadula mizu ya mbewu. Mbozi zambiri zodya masamba nazonso zimachokera kwa agulugufe ouluka usiku. Mbalame za masana nthawi imeneyo zili mtulo. Otsala pa ntchito ndi mileme ndi alumbe, ndipo lumbeyu amafika ndendende pa nyengo imene tizilomboti tikuyamba kuchuluka. Salipidwa kanthu, safuna mpope, safuna madzi osungunulira mankhwala. Timawotcha ana ake mu Okutobala, n'kumadzadandaula mu Disembala kuti chaka chino tizilombo tanyanya.

Chimene chimanditopetsa n'chakuti zifukwa zoyatsira moto ndi zomwe zija chaka ndi chaka. Kuti msipu umere msanga. Kuti njoka zithawe. Kuti nkhupakupa zife. Kuti alenje aone poyera. Nkhani ya moto takhala tikuikamba pa misonkhano kangati? Moto wa kumapeto kwa chilimwe si wofanana ndi wa mu Meyi kapena Juni. Udzu umakhala utauma gwa, mphepo ili yamphamvu, dzuwa likuswa mtengo. Moto woterewu suyenda pansi pokha, umakwera, umapha timitengo tating'ono, umanyambita masamba onse amene akanawolerana n'kukhala chonde. Mvula yoyamba ikagwa pa dothi lamaliseche lotero imakokolola lonse kupita nalo kumtsinje. Msipu umene mumaufunawo umamera masabata ochepa, ng'ombe n'kuumweta usanalimbe, kenako mbee. Mazira a lumbe ndi chizindikiro chabe chooneka ndi maso cha zonse zimene zapsa tsiku limenelo. Ndipo si lumbe yekha amene amaikira pansi.

Bambo wina wachikulire, mlimi wakhama ndithu, anandiitanira kumunda kwake sabata yatha. Anandionetsa kachisa kokongola ka udzu kamene anaika pa mphanda ya mtengo, mkati muli mazira awiri ozizira. Anati: "A alangizi, ine ndinawaona mazirawa ndisanayatse. Ndinati ndisachimwe, ndiye ndinawanyamula n'kuwakonzera pabwino pamwambapa. Koma mayi wake sanabwerenso." Ndinawafunsa kuti mbalameyo inatani pomwe ankayandikira. Anati inagwa pansi chapatali pang'ono, n'kumadzikoka ngati yathyoka phiko, iwo n'kuitsatira, kenako inauluka bwinobwino. Ndinawauza kuti, bambo, pamenepo inkakuchotsani pa mazira ake, inali isanavulale. Anakhala chete kanthawi akuyang'ana kachisa kaja. Mtima wawo unali wabwino, ndipo sindinawadzudzule. Koma lumbe sadziwa chisa cha mumtengo. Amabwerera pamalo enieni pomwe anasiya mazira, akapeza phulusa, nkhani yatha. Chimene chikanapulumutsa mazirawo chinali kusayatsa basi.

Pali zinanso zimene zikupha mbalameyi, monga magalimoto. Lumbe amakonda kutera pa msewu wa fumbi usiku, maso ake n'kumawala mofiira pa nyali, ndipo kuwalako kumamuthobwa m'maso moti amachedwa kunyamuka. Enanso amamugenda pomuyesa mbalame ya tsoka chifukwa choyenda usiku. Maganizo otere si a kwathu kokha. Ku Ulaya ankakhulupirira kalekale kuti mbale wake wa kumeneko amayamwa mbuzi usiku, mpaka dzina lake la Chilatini, Caprimulgus, limatanthauza wokama mbuzi, chonsecho mbalameyo inkangotsata tizilombo touluka pafupi ndi ziweto. Mbale wakeyo nayenso amafika kuno nthawi ya dzinja pothawa chisanu, koma iye saikira kuno. Komabe zonsezi n'zazing'ono poyerekeza ndi moto, chifukwa galimoto imapha mmodzi, pomwe moto umodzi umasesa phiri lonse masana amodzi.

Tsono chochita n'chachidule. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itakhazikika, musayatse moto m'tchire ndi m'mphepete mwa nkhalango. Ngati pali poyenera kutentha, nthawi yake ndi Meyi kapena Juni udzu ukadali ndi chinyezi, madzulo mphepo italeka, mutagwirizana ndi a komiti ya nkhalango ya m'mudzi. Za kalambulidwe ka njira yotchinga moto sindibwereza, nonse mumadziwa, chimene chimasowa ndi kugwira khasu nthawi yake. Mapesi ndi zinyalala za m'munda zikwirireni kapena ziphimbireni nthaka. Mukapeza mazira pansi musawakhudze, musawasunthe, musamangire mpanda. Ingozikani kamtengo chapatali kuti mukumbukire malowo, muuze ana ndi abusa a ng'ombe azilambalala, agalu asapite kumeneko kwa mwezi umodzi. Ana akaswa amayamba kusuntha masiku oyambirira omwe, choncho mukapeza kamwana kali kokha pa masamba musakatole, mayi ake ali pafupi. A njinga zamoto ndi a magalimoto, mukaona timaso tofiira pa msewu usiku, chepetsani liwiro kuti mbalameyo ipeze mpata wonyamuka.